Nyanga ya Nkhosa ndi Chaka cha 50

Mawu amene analankhulidwa tsiku Loweruka pa chikondwerero cha zaka 50 za mpingo wathu, ndi mbusa wopuma amene anakulira mu mpingo uno



A komiti atandiimbira foni, anandiuza kuti mutu ndisankhe ndekha, koma ndisapitirire mphindi 30 chifukwa azimayi adzakhala atapakula. Ndiyesetsa. Mbiri ya mpingo uno aifotokoza kale anzanga amene akuidziwa bwino kuposa ine, ngakhale kuti chisakasa cha udzu chimene tinkapemphereramo ndikuchikumbuka, pakuti ndinali mnyamata wa m'kalasi nthawi imeneyo. Ine ndabwera ndi liwu limodzi lokha, limene lalembedwa pa chitenje chimene azimayi mwavalachi ndi pachikuto cha kabuku kathu: jubili. Liwu limeneli tinalitenga ku Chingerezi, koma kwawo kwenikweni ndi ku Chiheberi. Ndipo kuti tifike kumeneko, ndiyenera kuyamba ndi manyazi anga.

Ku sukulu ya ubusa ndinaphunzira Chiheberi chaka chimodzi. Chaka choyamba munthu amaphunzira zilembo 22, amazolowera kuwerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere, amaloweza mawu mazana angapo, ndipo akakhoza mayeso amadziona ngati Mose ndi mnansi wake. Nditafika ku mpingo wanga woyamba, ulaliki uliwonse ndinkauthira mchere wa "mu Chiheberi liwu ili limatanthauza chakuti." Anthu ankagwedeza mitu, ine n'kumakondwa. Tsiku lina titaweruka, mkulu wa mpingo wina wachikulire, amene anali mphunzitsi wopuma, anandiperekeza mpaka kunyumba. Tili panjira anati, "Abusa, Chiheberi mumatiuzachi n'cha yani, cha Mose kapena cha Nehemiya? Chifukwa ine agogo anga ndi adzukulu anga akanakumana sakanamvana bwinobwino, chonsecho pakati pawo palibe zaka zambiri ngati za anthu awiriwo." Ndinaseka, n'kusintha nkhani. Yankho ndinalibe. Ndinkaganiza kuti Chiheberi ndi chimodzi, chinatsika kumwamba chili chathunthu ngati mwala.

Funso limenelo linandikhala pamtima zaka zambiri, mpaka ndinafukula mabuku anga n'kuyambiranso. Chimene ndinapeza pa gawo lachiwiri la maphunzirowa n'chakuti mkulu uja ananena zoona. Chipangano Chakale chinalembedwa m'chilankhulo cha anthu amoyo, ogula ndi kugulitsa, okwatira kwa anthu a mitundu ina, ogwidwa ukapolo ndi kubwerera, ndipo chilankhulo chawo chinkasintha monga chathuchi.

Baibulo lenilenilo silibisa zimenezi. Pa 1 Samueli 9:9 wolemba akuimitsa nkhani ya Sauli ndi abulu otayika kuti afotokozere owerenga ake kuti munthu amene iwo ankamutchula navi, mneneri, kale ankatchedwa roeh, mlauli kapena woona. Ndiye kuti pa nthawi imene ankalemba, liwu lakalelo linali litayamba kuiwalika. Pa Oweruza 12 anthu a ku Efraimu anazindikirika pa madooko a Yordano chifukwa lilime lawo linkalephera kutchula shibboleth, ankati sibboleth, ndipo anaphedwa chifukwa cha katchulidwe. Ife a kummawa tikudziwa mmene munthu amadziululira ndi liwu limodzi. Wina akati tsopano, wina lomba, wina manje, mwadziwa kale kwawo kapena kumene anakulira. Ndipo pa Nehemiya 13 bwanamkubwa akupsa mtima atapeza ana a Ayuda ena akulankhula chilankhulo cha ku Asidodi, osatha kulankhula cha makolo awo. Agogo amene muli muno, amene adzukulu anu a ku Lusaka ndi ku Kitwe amakuyankhani m'Chingerezi mukawafunsa m'Chichewa, mkwiyo wa Nehemiya simukufunika kuti wina akumasulireni.

Akatswiri ambiri amagawa Chiheberi cha m'Baibulo patatu. Pali chakale kwambiri, chimene chimapezeka m'nyimbo zingapo, monga ya Mose pa Eksodo 15 ndi ya Debora pa Oweruza 5. Chimenechi n'chovuta ngati mawu a m'nyimbo za pamtondo za agogo athu, amene timaimba osadziwa tanthauzo lake lonse. Pali chapakati, cha nthawi ya mafumu, chimene chili m'nkhani zambiri kuyambira Genesis mpaka 2 Mafumu, ndipo ndicho amaphunzitsa chaka choyamba. Ndiye pali cha pambuyo pa ukapolo, cha m'mabuku a Mbiri, Ezara, Nehemiya, Estere ndi Danieli. Mpanda waukulu pakati pa ziwiri zomalizazi ndi kugwa kwa Yerusalemu cha m'ma 586 Khristu asanabadwe, pamene Ababulo anatenga anthu kupita nawo kudziko kumene chilankhulo cha pamsika ndi cha m'maofesi chinali Chiaramu.

Njira yabwino yoonera kusinthaku ndi kutsegula Samueli ndi Mbiri pamodzi, chifukwa wolemba Mbiri akubwereza nkhani zomwezo patapita zaka mazana. Liwu loti "ine" m'Chiheberi lili pawiri, anoki ndi ani. Pa 2 Samueli 24:12 pali anoki, koma pa 1 Mbiri 21:10, nkhani yomweyo, mawu omwewo a Mulungu kwa Davide, pali ani. Liwu loti ufumu pa 2 Samueli 7:12 ndi mamlakah, pa 1 Mbiri 17:11 lasanduka malkut. Ngakhale dzina la Davide, mu Samueli limalembedwa ndi zilembo zitatu, mu Mbiri ndi zinayi. Uthenga sunasinthe. Wolembayo ankangoyika nkhaniyo m'kamwa mwa anthu a m'nthawi yake kuti aimve.

Miyezi nayo inasintha mayina. Pomanga kachisi wa Solomo timawerenga za mwezi wa Zivi, wa Buli ndi wa Etanimu. Kwa Nehemiya ndi Estere timapeza Nisani, Kisilevi, Eluli ndi Adara, mayina amene anabwera nawo kuchokera ku Babulo. Kenaka pali mawu obwereka kwa Aperisi, amene analanda ufumu wa Babulo mu 539. Limodzi mwa iwo mukulidziwa nonse: pardes, munda wotchingidwa ndi mpanda, limene likupezeka pa Nehemiya 2:8 ndi pa Mlaliki 2:5. Linayenda kudzera m'Chigriki mpaka linatipeza ife ngati paradaiso. Izi zili ngati liwu lathu loti nsapato, limene tinatenga kwa Apwitikizi, kapena sitima. Mukamva nthano imene kalulu wakwera sitima, mumadziwa kuti mmene ikukambidwiramo si mmene ankaikambira anthu Azungu asanabwere. Koma pano mpofunika kusamala. Kalulu angakhale wakale ngakhale sitimayo ili yatsopano. Alembi pokopera mabuku ankatha kusintha kalembedwe, ndipo akatswiri mpaka lero amatsutsana kuti liwu limodzi lingatiuze zochuluka bwanji za zaka za buku lonse. Munthu wa chaka choyamba amafulumira kugamula. Wa chaka chachiwiri amayamba kuchita mantha pang'ono, ndipo mantha amenewo ndi abwino pa guwa.

Ngakhale zilembo zimene timati za Chiheberi lero, za makona anayi zija, si zimene ankagwiritsa ntchito m'masiku a Yesaya. Mu 1880 mnyamata wina anapeza mawu ozokotedwa pa thanthwe m'ngalande ya madzi ya ku Siloamu mu Yerusalemu, ngalande imene ambiri amati ndi yomwe Mfumu Hezekiya anakumbitsa, yotchulidwa pa 2 Mafumu 20:20. Mawuwo akusimba mmene magulu awiri a okumba, ochokera mbali ziwiri, anakumanirana pakati pa thanthwe. Mwalawo tsopano uli ku Istanbul. Zilembo zake n'zina ndithu, zofanana ndi za Afoinike. Zilembo za makona anayi Ayuda anazitenga ku Chiaramu pambuyo pa ukapolo, ndipo Asamariya okha ndiwo anasunga mtundu wa zakalezo mpaka lero. Timadontho ndi timizere tosonyeza a, e, i, o, u tinabwera mochedwa kwambiri. Anatiyika ndi alembi otchedwa Amasorete, makamaka a ku Tiberias, zaka mazana ambiri Yesu atabadwa kale. Buku lakale kwambiri limene lili ndi Chipangano Chakale chonse m'Chiheberi ndi Leningrad Codex, lolembedwa cha m'ma 1008, limene likusungidwa ku St Petersburg, ndipo Baibulo la Chiheberi limene ndanyamulali lachokera pa limenelo.

Wina angafunse kuti, nanga ngati zinthu zinasintha chonchi, tingakhulupirire bwanji kuti mawu anafika bwino? Funso limeneli ndi loyenera. Mu 1947 abusa a ziweto anapeza mipukutu m'mitsuko m'mapanga a ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa. Umodzi mwa iyo ndi buku lonse la Yesaya, lotalika mamita opitirira 7, lakale ndi zaka zoposa 1,000 kuyerekeza ndi la ku St Petersburg lija. Atawayerekeza anapeza kusiyana kwambiri m'kalembedwe ka mawu, ndi malo ena pamene liwu lasiyana, koma Yesaya ndi yemweyo. Mabuku ena, monga Yeremiya ndi Samueli, anaonetsa kusiyana kokulirapo, ndipo zimenezo sindikubisirani. Ine chikhulupiriro changa sichinagwedezeke nazo. Chinangosiya kukhala cha munthu amene sanaonepo kukhitchini kumene nsima imaphikidwa.

Tsopano achinyamata, tcherani khutu, chifukwa pali chinthu chimene mabuku athu a galamala, olembedwera azungu, sanatiuze. Ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi pa Chiheberi kuposa Mngerezi. Mneni wa Chiheberi amakhala ndi muzu, kawirikawiri wa zilembo zitatu, umene umapindidwa m'njira zikuluzikulu 7. Mzungu amatuluka nazo thukuta. Koma onani: raah ndi kuona, nirah ndi kuoneka, herah ndi kuonetsa. Muzu umodzi, monga mmene ife timachitira ndi kumanga, kumangidwa, kumangitsa, kudzimanga. Mngerezi pamenepo afunika mawu atatu osiyana. Chiheberi chikafuna kutsindika chimabwereza mneni, monga ife timanenera kuti kumva ndamva, kapena kubwera adzabwera. Ndipo posimba nkhani chimalumikiza aneni ngati unyolo, monga ankasimbira makolo athu: mlenje anadzuka, natenga uta, nalowa m'thengo, napha gwape. Pa Genesis 25:34 pali aneni asanu otere ondondozana, ndipo liwiro lawo lokha likukuuzani mmene Esau anapeputsira ukulu wake. Chodabwitsa n'chakuti unyolo umenewu unayamba kutha m'Chiheberi cha m'mbuyo mwake. M'buku lonse la Mlaliki ukupezeka katatu kokha, ndipo pofika nthawi ya Mishnah, cha m'ma 200 Yesu atabadwa, unali utasiyidwa. Kwathunso ndi chimodzimodzi. Ndani wa inu achinyamata amene amati "napita, nagula"? Mumati "then ndinapita."

N'chifukwa chake Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922 pambuyo pa ntchito ya zaka zambiri ya William Murray ndi anzake ku Malawi, limamveka lolemera kwa ana athu, ndipo mu 1998 kunatuluka Buku Loyera. Zaka 76 zokha zinakwanira kuti chilankhulo chisunthe. Ena a inu mukukumbuka mkangano wa dzina la Mulungu, pamene buku lakale lili ndi Yehova, latsopano lili ndi Chauta. M'Chiheberi dzinalo ndi zilembo zinayi, YHWH. Ayuda analeka kulitchula chifukwa cha ulemu, ndipo akafika pamenepo ankawerenga Adonai, kutanthauza Ambuye. Amasorete anayika timadontho ta Adonai pa zilembo zinayizo kuti akumbutse wowerenga. Akhristu a ku Ulaya anawerenga zonse pamodzi, ndipo mpamene panabadwira Yehova. Akatswiri ambiri amati katchulidwe kakale kanali pafupi ndi Yahweh, ndipo chidule chake timachiimba Lamulungu lililonse kumapeto kwa Aleluya. Sindikuti musiye kutchula Yehova, ine ndemwe ndidzafa ndikupemphera ndi dzina limenelo. Ndikungoti amene tinakwiyirana pa nkhaniyi tikanadziwa mbiri yake, tikanakangana mofatsa.

Tibwerere ku chitenje chathu. Liwu la Chiheberi ndi yovel. Pa Yoswa 6, pozungulira Yeriko, likutanthauza nkhosa yamphongo kapena nyanga yake imene ankaliza. Pa Levitiko 25 liwu lomwelo lasanduka dzina la chaka: atawerenga zaka 7 kasanu ndi kawiri, zaka 49, ankaliza nyanga pa tsiku la 10 la mwezi wa 7, Tsiku la Chitetezo, ndipo chaka cha 50 chinali yovel. N'chifukwa chake makolo athu anachitcha chaka choliza lipenga. Anamasulira bwino. Chimene lipengalo linkalengeza ndi liwu lina, deror, kumasulidwa. Mwisraeli amene anadzigulitsa chifukwa cha umphawi ankabwerera kwa abale ake. Munda umene banja linagulitsa pa nthawi ya mavuto unkabwerera kwa eni ake. Ngakhale mtengo wa munda unkawerengedwa potengera zaka zokolola zimene zatsala kuti lipenga lilire, chifukwa dziko mwini wake ndi Mulungu, anthu ndi alendo chabe. Nthaka nayo inkapuma osalimidwa.

Ayuda a ku Alexandria atamasulira Chilamulo m'Chigriki, zaka zoposa 200 Khristu asanabadwe, anasiya nyanga n'kutenga tanthauzo. Anagwiritsa ntchito liwu loti aphesis, kumasula kapena kukhululukira ngongole. Jerome, pomasulira m'Chilatini ku Betelehemu cha m'ma 400, analisiya liwu la Chiheberi mmene linalili n'kungolipatsa mchira wa Chilatini. Koma m'Chilatini munali kale liwu lomveka mofanana, jubilare, kufuula mokondwera, ndipo m'kupita kwa nthawi anthu anasakaniza awiriwo. Umo ndi mmene chaka chobweza minda chinasandukira chaka cha keke, makwaya ndi chitenje chatsopano. Sindikudana ndi keke, ndamuona kale kumene mwamubisa. Koma ndikanakhala ndi Chiheberi cha chaka choyamba chokha, bwenzi lero ndikukuuzani kuti jubili ndi chisangalalo, inu n'kuwomba m'manja, tonse n'kupita kukadya.

Liwu lija deror likupezekanso pa Yesaya 61, ndime imene Yesu anawerenga m'sunagoge wa ku Nazarete, ndipo Luka 4 akulilemba ndi aphesis yemwe uja. Mneni wa muzu womwewo ndi amene ali m'Pemphero la Ambuye pamene timapempha za mangawa athu. Koma malo amene amandisowetsa tulo ndi Yeremiya 34. Yerusalemu atazingidwa ndi Ababulo, Mfumu Zedekiya ndi akuluakulu anachita pangano m'nyumba ya Mulungu, nalengeza deror, namasula akapolo awo. Ankhondo a ku Babulo atachoka kwa kanthawi, anthu aja anasintha maganizo n'kuwagwiranso akapolo omwe aja. Yeremiya anawayankha ndi liwu lawo lomwelo: popeza akana kumasula abale awo, Mulungu adzawamasula iwo, kuwapereka ku lupanga, mliri ndi njala. Kusewera ndi liwu kumeneko kumamveka bwino ukakuwerenga m'Chiheberi, ndipo kumawawa.

Abale anga, ine ndinakulira pano, ndipo ngakhale ndakhala kutali, nkhani zimandipeza. Pali mabanja mu mpingo uno amene sapatsana moni chifukwa cha malire a munda. Pali amasiye amene katundu wawo anatengedwa ndi achibale maliro asanathe n'komwe, ndipo otengawo amakhala nawo pa Mgonero. Pali ena amene amakongoza anzawo a m'kwaya imodzi pa kaloba, ngongole ya K500 n'kufika pa K2,000, mpaka munthu kusiya kubwera ku tchalitchi chifukwa cha manyazi. Sinditchula munthu, ndipo musayang'ane mnzanu. Lamulo la Levitiko linaperekedwa kwa Israeli, ndipo sindikunena kuti bwalo la akulu liyambe kugawa minda mawa. Koma dzinali talisankha tokha, talisindikiza pa nsalu mamita ambirimbiri. Ngati chaka chino chitha popanda ngongole ngakhale imodzi yofafanizidwa, popanda munda ngakhale umodzi wobwezedwa kwa mwana wamasiye, ndiye kuti tachita jubilare, yovel sitinamuone.

Pempho langa lachiwiri ndi la kwa akulu a mpingo. M'zaka 50 mpingo uno wamanga tchalitchi, nyumba ya abusa ndi holo, ndipo watumiza ana ake angapo ku ubusa. Koma ambiri a ife tinalekera pa chaka choyamba cha Chiheberi, ndipo chaka choyamba ndicho choopsa, chifukwa chimapatsa munthu mawu okwanira kuopseza nawo anthu koma osakwanira kudzidzudzula nawo yekha. Masiku ano pa wailesi ndi pa Facebook pali alaliki ambiri amene amati "mu Chiheberi" kenaka n'kutchula nambala ya foni yotumizirako ndalama. Nkhosa zathu zimawamvera, ndipo mu mpingo mulibe wowayesa. Komanso Chichewa chikusunthabe. Tsiku lidzafika pamene Buku Loyera nalo lidzamveka lakale, ndipo padzafunika anthu okhala pa tebulo la omasulira amene anayamwa Chichewa, nadziwanso kusiyanitsa Chiheberi cha Samueli ndi cha Mbiri. Ndikupempha kuti pa ndalama zimene zitsale pa chikondwererochi, mupatuleko gawo lothandizira mnyamata kapena mtsikana mmodzi wa mu mpingo uno kuti apitirire chaka choyamba, afike pa chachiwiri ndi chachitatu. Ndati kapena mtsikana, ndipo ndanena dala.

Ine maso ayamba kufooka, timadontho ta Amasorete ndimationa ndi galasi lokulitsa. Baibulo la Chiheberi ili, pamodzi ndi dikishonale ndi mabuku awiri a galamala, ndikuzisiya m'manja mwa abusa kuti zikhale za mpingo. Ndikhala kuno kwa mwana wanga mpaka mvula itagwa, ndipo Loweruka lililonse nthawi ya 14 koloko ndizipezeka m'chipinda cha akulu. Amene akufuna abwere ndi kope ndi pensulo. Tidzayamba ndi zilembo, ndipo amene apirire mpaka kumapeto tidzawerenga limodzi buku la Rute, chifukwa ndi lalifupi, Chiheberi chake n'chofewa, ndipo nkhani yake ndi ya munda wa mayi wamasiye.

Ndaona amayi a kukhitchini akundikodola kachiwiri.